CT scan izifika msanga kwa osweka molumikizirana mafupa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa CT scan, makamaka pa ntchito imene amagwira kwa anthu othyoka mafupa, chifukwa kuno ku Chigawo cha Kum'mawa dzina la makinawa lafala kwambiri pamene ntchito yake yeniyeni akuidziwa ndi ochepa. Masiku ano munthu msana ukamuwawa kwa sabata imodzi, achibale amayamba kusonkherana ndalama zoti apite ku Lusaka akamuike m'makina, koma mnyamata amene wagwa pa njinga yamoto n'kusweka bondo amakhala pakhonde ndi chikhakha mwezi wathunthu, aliyense akukhulupirira kuti popeza X-ray inajambulidwa, zonse zinaoneka. Ine ndinagwira ntchito m'zipatala za m'chigawo chino mpaka kupuma, ndipo ndikuona kuti zinthu zaima chadodolido. Wofunikiradi CT scan ndi mnyamata wa bondoyo, ndipo akuifuna m'masiku oyambirira, fupa lisanayambe kugwirana pamalo olakwika. Wa msanayo nthawi zambiri saifuna n'komwe.

X-ray wamba imadutsitsa cheza m'thupi kuchokera mbali imodzi, ndipo chilichonse chimene chezacho chapeza panjira, khungu, mnofu, fupa la kutsogolo ndi la kumbuyo, chimasanjikizana pa chithunzi chimodzi. N'chifukwa chake wojambula wodziwa ntchito yake sakhutira ndi chithunzi chimodzi, koma amajambula china cha kutsogolo ndi china cha m'mbali. Ngakhale atatero, pali malo ena m'thupi pamene mafupa amaphimbana mwachilengedwe, moti mng'alu umabisala kuseri kwa fupa linzake. CT scan imagwiritsa ntchito cheza chomwecho, koma chubu chotulutsa cheza chimazungulira wodwala ali chigonere pa kabedi koyenda, ndipo kompyuta imawerengera cheza chimene chadutsa kumbali iliyonse n'kutulutsa zithunzi za thupi m'timagawo topyapyala. Mayi wogula chinangwa pa msika wa Kapata amadziwa kuti chooneka bwino kunja chikhoza kukhala chovunda m'kati, choncho amauza wogulitsa kuti achidule. Makinawa amachita zomwezo popanda mpeni. A masiku ano amatha kuonetsa kagawo kosakwana milimita imodzi, amamaliza kujambula bondo m'masekondi ochepa, ndipo kompyuta imatha kusanjanso timagawo tonse kuti dokotala aone fupa lathunthu n'kumalitembenuza mbali iliyonse imene akufuna.

Wodwala woyamba anajambulidwa pa 1 Okutobala 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London, ndi makina amene anapanga Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI, ndipo panthawiyo ankajambula mutu wokha. Masamu ake anali atawaganizirapo kale Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, pamene ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town m'zaka za m'ma 1950, ndipo awiriwa analandira limodzi mphoto ya Nobel mu 1979. Muyezo umene makinawa amagwiritsa ntchito mpaka lero umatchedwa ndi dzina la Hounsfield, ndipo ndi umene ukufotokoza mphamvu ndi kufooka kwa CT scan. Pa muyezowu madzi ali pa 0, mpweya uli pa -1000, pamene fupa lolimba limafika pa 1000 kapena kupitirira. Mnofu, mitsempha yomanga mafupa ndi zina zofewa zimaunjikana pakati pa 0 ndi 100. Fupa, pokhala lili patali ndi zonse zolizungulira, limaoneka bwino lomwe ngakhale mng'alu utakhala wochepetsetsa, koma zofewazo zimafanana maonekedwe ndipo n'zovuta kuzisiyanitsa. Amene wamvetsa zimenezi sangadabwe kumva dokotala akunena kuti wina akufunika CT scan, wina MRI (makina ena ojambula ndi maginito, amene amaonetsa bwino zofewazo), wina ayi ndithu.

Ndiyambe ndi bondo, chifukwa njinga zamoto zonyamula anthu zachuluka m'Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi m'misewu ya kumidzi, ndipo bondo ndi limene limayamba kufika pansi kapena kugundana ndi galimoto. Fupa lalikulu la m'munsi mwa bondo lili ndi mutu wafulati, wokutidwa ndi kachikuto kosalala, ndipo fupa la ntchafu limakhala pamenepo n'kumatsetserekapo munthu akamayenda. Pangozi, fupa la ntchafu limakankhira pansi mwamphamvu n'kung'amba mutuwo kapena kuutitimiza pakati. Vuto lake ndi lakuti m'mphepete mwa fupa mukhoza kutsala mutaima bwinobwino pamene pakati patitimira, ndipo pa X-ray m'mphepetemo mumaphimba dzenjelo. Wojambula sanalakwe, wowerenga chithunzi sanalakwe, koma chithunzicho sichinanene zonse. Dokotala wa ku Canada, Joseph Schatzker, anagawa kusweka kwa malo amenewa m'mitundu isanu ndi umodzi mu 1979, ndipo madokotala a mafupa amadziwa kuti kawirikawiri kusweka kooneka kopepuka pa X-ray kumapezeka kuti n'kwa mtundu woopsa CT ikajambulidwa, mpaka dongosolo lonse la chithandizo kusintha.

Pamalo olumikizirana mafupa, mamilimita ochepa chabe ndi nkhani yaikulu. Fupa la pakati pa ntchafu likagwirana mokhota pang'ono, munthu amayendabe zaka zambiri osadandaula, koma mutu wa fupa la pabondo ukagwirana mbali ina itatsika, kachikuto kosalala kaja kamaperepeseka pa phazi lililonse limene munthuyo waponda. Pakapita zaka zochepa bondo limakhota, limatupa, limagwidwa nyamakazi, ndipo mwini wake satha kunyonyomala m'chimbudzi, kugwada m'tchalitchi kapena pamaso pa akuluakulu, ngakhale kutha mzere umodzi popalira. Ambiri mwa ovulala motere ndi anyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30 amene banja lonse likuwayang'ana. Dokotala wochita opaleshoni akakhala ndi zithunzi za CT amadziwiratu mbali imene acheke, chidutswa chimene achikweze, pamene aike chitsulo ndi kumene masikuluwu aloze, ndipo satsegula bondo kuti akafufuze vuto wodwala atagona kale pa tebulo.

Pa nyonga nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Mutu wa fupa la ntchafu umazungulira m'malo olowa a fupa la chiuno, ndipo munthu wokhala kutsogolo m'galimoto imene yawombana ndi inzake pa Great East Road, bondo lake likagunda chitsulo, mphamvu imakwera ndi ntchafu n'kukaswa malo olowawo kapena kugulula nyonga. Nyonga yoguluka iyenera kubwezeretsedwa m'maola ochepa, osadikira makina aliwonse, koma ikabwerera pafunika kutsimikiza kuti m'kati simunatsale kachidutswa ka fupa kamene kadzapere mfundoyo mpaka kuiwononga, ndipo pa ntchito imeneyi CT scan ilibe inzake. Kumbuyo kwa chiuno, kumene fupa la chiuno limakumana ndi la msana, X-ray imaona movutikira chifukwa matumbo ndi mpweya wa m'mimba zimaphimba. Madokotala a ku France, Robert Judet ndi Emile Letournel, amene anaphunzitsa dziko lonse kachitidwe ka opaleshoni ya malo amenewa kuyambira m'ma 1960, anaonetsa kuti ikachitika patadutsa masabata atatu imavuta kwambiri ndipo zotsatira zake zimatsika. Komabe ndichenjeze: wosweka chiuno amene akutaya magazi m'kati safunika kuthamangira naye ku makina akutali. Choyamba ndi kumanga chiunocho mwamphamvu, ngakhale ndi chitenje kapena nsalu ya pabedi, kumupatsa madzi ndi magazi, kenako kujambula moyo ukakhazikika.

Amisiri ogwa padenga ndi ogwa m'mitengo amene afikira pa mapazi nthawi zambiri amasweka fupa la chidendene, lomwe limaphwanyika m'zidutswa zambiri, ndipo njira imene madokotala amagawira kusweka kumeneku, ya Roy Sanders ya mu 1993, inakhazikika pa zithunzi za CT zokhazokha. Mwa anthu khumi osweka chidendene motere, pafupifupi mmodzi amakhala atathyokanso fupa la msana, koma ululu wa phazi umamuiwalitsa kutchula msanawo, choncho wachipatala ayenera kuufufuza yekha. Khosi nalo lili ndi malo awiri obisika: kumunsi kwake kumaphimbidwa ndi mapewa, pamene kumtunda kumaphimbidwa ndi nsagwada ndi mano. Munthu amene waponyedwa kuchokera pa njinga yamoto kapena kumbuyo kwa lole, ali chikomokere kapena ataledzera moti sangafotokoze pamene pakuwawa, akhoza kukhala ndi khosi lothyoka limene silinakhudze mtsempha waukulu wa msana, ndipo kumudzutsa kuti akhale tsonga kukhoza kumupuwalitsa moyo wake wonse. Ameneyu ayenera kugonekedwa mowongoka, khosi litagwiridwa, mpaka zithunzi zitatsimikiza kuti palibe chathyoka.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, chomwe ndi nthawi. Fupa lothyoka silidikira kuti abale amalize kukambirana. M'masabata awiri kapena atatu oyambirira thupi limayamba kumanga fupa lanthete lolumikiza zidutswa pamalo pomwe zagwera, kaya ndi poyenera kaya ndi polakwika, ndipo pofika masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono limakhala litayamba kulimba. CT scan yojambulidwa m'sabata yoyamba imatsogolera dokotala kukonza mfundo. Yojambulidwa patatha miyezi itatu imangofotokoza bwino chilema chimene chakhazikika kale, ndipo kukonza kwake kumafuna kudulanso fupa, opaleshoni yaitali, yodula, imene sibwezeretsa mwendo mmene unalili. Ndalama yake ndi yomweyo, cheza chake n'chomwecho, koma phindu lake n'losiyana kutali. Choncho funso lakuti kodi m'chigawo muli makina silokwanira. Funso lenileni ndi lakuti, kuchokera tsiku limene munthu wagwa ku Vubwi, ku Chadiza kapena ku Lumezi, pamapita masiku angati kuti zithunzi zake zifike m'manja mwa dokotala amene angamuchite opaleshoni?

Masikuwo amatayika m'njira zimene tonse tikuzidziwa. Ena amayamba kwa asing'anga olumikiza mafupa, kumene amatemedwa mphini ndi kumangidwa nsungwi, ndipo sindikufuna kunyoza anthu amenewa, chifukwa fupa la pakati pa mkono kawirikawiri limagwira lokha likangosungidwa mowongoka, n'chifukwa chake mbiri yawo imamveka. Koma palibe dzanja, ngakhale laluso chotani, limene lingakweze fupa lotitimira m'kati mwa bondo podina pakhungu, ndipo mphini zotemedwa pamalo amene dokotala adzacheke zimabweretsa mafinya amene amachedwetsanso opaleshoni. Ena amafika ku chipatala tsiku lomwelo, koma akapatsidwa kalata yopita patsogolo amabwerera kumudzi kukagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo wochokera ku Lundazi amayamba wayenda pafupifupi 180 asanafike n'komwe ku Chipata. Munthu wosweka chiuno sangakhale pa mpando wa basi ulendo wonsewo, ndipo womudikirira naye amafuna chakudya ndi pogona. Chigawo cha anthu oposa 2.4 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2022, chiyenera kumaliza nkhani zambiri zotere m'kati mwake momwemuno.

Koma kuti mzere wa ofunikiradi uziyenda msanga, osafunikira ayenera kuchokamo, ndipo pamenepa ndikulankhula kwa ife odwala ndi achibale. Nyengo ya mango ikafika, zipatala zimadzaza ndi ana ogwa m'mitengo amene athyoka pamwamba pa chigongono kapena pamkono, ndipo pafupifupi onsewo X-ray yabwino ya mbali ziwiri imakwanira. N'chimodzimodzinso fupa la ntchafu kapena la mwendo lothyoka pakati, kutali ndi mfundo. Wobinya kakolo nthawi zina safunika ngakhale X-ray. Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada anaonetsa mu 1992 kuti ngati munthu akutha kuponda mapazi anayi, ndipo sakumva ululu akadinidwa pa malo odziwika a mafupa a kakolo ndi phazi, mwayi woti wathyoka ndi wochepa zedi. Wogwa n'kufikira pa chikhatho amene akumva ululu m'munsi mwa chala chachikulu akhoza kukhala atathyola kafupa kamene sikaoneka pa chithunzi choyamba, koma njira yosadula ilipo: kumuika chikhakha n'kujambulanso pakatha masiku 10 mpaka 14. Wosewera mpira amene bondo lake limagwedera atapotokola mwendo vuto lake lili m'mitsempha yomanga bondo, ndipo pamenepo manja a dokotala wodziwa kuyeza ndi MRI ndi zimene zimathandiza, osati CT.

Msana ndi umene umadyetsa anthu ndalama zambiri pachabe. Kuwawa kwa msana kobwera ndi khasu, kusenza katundu kapena kukhala nthawi yaitali pa mpando kumatha kokha mwa anthu ambiri m'masabata asanu ndi limodzi, munthu akamayendayenda ndi kumwa mankhwala ochepetsa ululu. Choipa china n'chakuti munthu wamkulu akajambulidwa msana, nthawi zambiri makina amapeza kena kake, kaya kuperepeseka kaya tinyanga ta fupa, zomwe zimapezekanso mwa anthu amene sanamvepo ululu. Munthu amachoka ndi pepala lodzaza mawu oopsa, amasiya kulima, amayamba kudziona ngati wolumala, pamene asanajambulidwe ankagwira ntchito zake bwinobwino. Zizindikiro zofuna kufufuza mwachangu n'zina: kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ululu wosaleka ngakhale munthu atagona, kufooka kapena dzanzi m'miyendo, kulephera kusunga mkodzo kapena chimbudzi, chotupa cha fupa chotulukira pamsana, komanso mbiri ya khansa, makamaka ya prostate mwa abambo ndi ya bere mwa amayi, zomwe zimakonda kufalikira m'mafupa.

Tisaiwalenso kuti cheza si madzi. Akatswiri amayeza cheza cholowa m'thupi m'ma millisievert, ndipo munthu wamba padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba. X-ray ya pachifuwa imapereka pafupifupi 0.1, pamene CT ya m'mimba ndi m'chiuno imafika pa 8 mpaka 10, zomwe n'zofanana ndi cheza cha chilengedwe cha zaka zitatu kapena zinayi. CT ya kakolo, bondo kapena dzanja sifika ngakhale pa 1, chifukwa ziwalo zimene cheza chimavulaza msanga zili kutali. Apa pakuonekeranso kuti zinthu tazitembenuza: wa bondo losweka, amene cheza chake n'chochepa ndipo phindu lake n'lalikulu, sajambulidwa, pamene wa msana wamba amalandira cheza chochuluka pafupi ndi matumbo ndi ziwalo zoberekera popanda phindu. Ana ndi amene ayenera kutetezedwa koposa. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu magazini ya Lancet mu 2012 anapeza kuti ana ojambulidwa CT mobwerezabwereza anali ndi chiopsezo chokulirapo cha khansa ya m'magazi ndi zotupa za mu ubongo, ngakhale kuti chiwerengero cha odwaladi chinali chochepa kwambiri. Zimenezi si chifukwa chokanizira mwana wovulala mutu kapena khosi kujambulidwa, koma n'chifukwa chokwanira choti kholo lisaumirize dokotala pamene iye wanena kuti X-ray yakwana.

Si ngozi zokha zimene zimafuna makinawa. TB ya msana, imene Percivall Pott anaifotokoza mu 1779, ikadalipo pakati pathu, makamaka kumene kachilombo ka HIV kafooketsa chitetezo cha thupi. X-ray imachedwa kuionetsa, chifukwa fupa liyenera kutha ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa lisanaoneke kuti ladyeka. CT imaonetsa msanga pamene padyeka ndipo imatsogolera singano yotengera mafinya kuti akayezedwe, ngakhale kuti pofuna kuona ngati mtsempha waukulu wapanikizika, MRI imaposa. Wodwala akapezeka msanga amachira ndi mankhwala a TB, omwe amamwa kwa miyezi yochulukirapo kusiyana ndi wa TB ya m'mapapo, koma akachedwa amatuluka linunda kapena kufa miyendo. Kulinso ana a m'midzi amene fupa lawo linalowa mafinya kalekale, chilonda chikutuluka madzi chaka ndi chaka, mankhwala akumwa koma osachira, chifukwa m'kati mwa fupa muli chidutswa chakufa chimene magazi safikako. Pamene X-ray yalephera kuonetsa malo ake enieni, CT imachipeza, ndipo dokotala amatsegula pamalo pomwepo n'kuchichotsa.

Amene dokotala wawatumiza asachite mantha. Kujambula sikuwawa, makinawa si bokosi lotsekera munthu koma ndi mkombero wotseguka mbali zonse ziwiri, ndipo chofunika ndi kungogona osagwedezeka. Pojambula fupa lothyoka nthawi zambiri sipafunika kubaya mankhwala. Amabaya pamene akufuna kuona mitsempha ya magazi kapena chotupa, ndipo pamenepo amayamba afunsa za impso ndi ngati munthu anadwalapo atabayidwa mankhwala otere. Wokhala ndi zitsulo m'fupa amajambulidwa, kungoti chitsulo chimaononga chithunzi pafupi nacho. Mayi woyembekezera, kapena amene akukayikira kuti ali ndi pakati, anene asanagone pa kabediko.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi akuluakulu a zaumoyo m'chigawo, pempho langa loyamba likukhudza kusamala makina. Kugula CT scan ndi mwambo wa tsiku limodzi, koma kuiyendetsa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Chubu chotulutsa cheza chimatha ndi ntchito ndipo china n'chodula, chipinda chiyenera kukhala chozizira nthawi zonse, ndipo magetsi othimathima amaononga zipangizo za m'kati. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Makina alionse ogulidwa ndi ndalama za boma azibwera ndi pangano la zaka zingapo lokonza ndi kusintha zipangizo, jenereta kapena magetsi a dzuwa odalirika, ndi mmisiri wokhala pafupi, osati woyembekezeredwa kuchokera kunja kwa dziko. Bungwe la Radiation Protection Authority, limene lili ndi udindo woyang'anira zipangizo zotulutsa cheza m'dziko muno, lizionetsetsanso kuti muyezo wa cheza cha ana ukutsitsidwa molingana ndi msinkhu wawo, m'zipatala za boma ndi za anthu wamba zomwe.

Makina opanda anthu ndi chitsulo chabe. Ojambula amene amaphunzira pa Evelyn Hone College ndi m'masukulu ena ayenera kulembedwa ntchito okwanira kuti kujambula kuzichitika usiku ndi Loweruka lomwe, popeza ngozi zambiri za pamsewu sizisankha maola a ofesi. Madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa m'dziko muno, koma zithunzi za CT zimakhala pa kompyuta, ndipo zikhoza kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri wa ku University Teaching Hospital kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa n'kuyankhidwa tsiku lomwelo, wodwala asanakwere galimoto. Maganizo akuti katswiri ndiye ayende m'malo mwa wodwala si achilendo kwa ife, chifukwa kuyambira mu 1982 bungwe la FlySpec, limene anayambitsa Professor John Jellis, lakhala likuulutsa madokotala a mafupa kupita ku zipatala za kumidzi. Dokotala wobwera motere akaona zithunzi asananyamuke amadziwiratu zitsulo zoti anyamule, ndiponso odwala amene sangadikire ulendo wake.

Pempho lina ndi losafuna ndalama zambiri. Pa chipatala chilichonse cha m'boma, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, komanso pa zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete ndi Mwami, pakhale pepala limodzi lovomerezedwa ndi madokotala a mafupa, lotchula zovulala zimene ziyenera kutumizidwa ku CT scan m'sabata yoyamba: kusweka kolowa m'bondo, m'nyonga, m'kakolo ndi m'chidendene, kusweka kwa chiuno, ndi kuvulala kwa khosi kapena msana pangozi yaikulu. Wodwala wobwera ndi kalata yotere asaikidwe pa mzere umodzi ndi wa msana wa zaka zisanu. Aphungu athu, amene thumba lawo la chitukuko cha m'madera la CDF linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, akumbukire kuti ambulansi yokhala ndi mafuta ndi gawo la nkhani yomweyi. A NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, amene amalandira 1 peresenti ya malipiro a wogwira ntchito ndi 1 peresenti ina kuchokera kwa olemba ntchito, afotokoze m'chinenero chathu pa Breeze FM ndi Radio Maria zimene wovulala ayenera kuchita kuti ajambulidwe mosachedwa, ndipo apite kumene oyendetsa njinga zamoto amaimika njinga zawo akawalembetse, chifukwa iwowa ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu koma ambiri alibe owalemba ntchito amene angawadulire ndalama pa malipiro.

Pomaliza, aliyense wojambulidwa azipatsidwa zithunzi zenizenizo, kaya pa CD kaya pa flash, osati pepala la lipoti lokha. Dokotala wochita opaleshoni sangayeze pamene aike chitsulo powerenga mizere itatu yolembedwa ndi munthu wina. Amafuna kuona timagawo tonse ndi maso ake. Wodwala wofika ku Lusaka ndi pepala lokha kawirikawiri amauzidwa kuti ajambulidwenso, zomwe zikutanthauza kulipira kachiwiri, kulandira cheza kachiwiri ndi kudikiranso pa mzere, choncho achibale asachoke pa chipinda chojambulira asanafunse za zithunzizo, ndipo azisunge pamodzi ndi ma X-ray oyambirira ndi kalata ya chipatala chimene chinawatumiza.

Ndine wowerenga wanu,
Wopuma pantchito ya zaumoyo,
Kapata, Chipata